Nkhani Yanga Siikuopsa, Ndalakwitsa Pati?

FUNSO: Akonzi, ndikulemba nkhani ya mayi amene amakonda mabuku a mlembi wina mpaka kuyamba kumulondalonda. Pofika tsamba lachitatu wamutsekera kale m'nyumba, mpeni uli m'manja. Anzanga akuti siikuopsa. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Mwafulumira nawo mpeniwo. Ukangooneka, wowerenga wadziwa kale kumene nkhani ikulowera, ndiye mtima umakhala pansi. Choopsa pa nkhani zotere ndi chikondi chopyola malire pang'onopang'ono, mwini wake osaona cholakwa.

Ngati nkhaniyo ndi ya masamba 10, mpeni udikire mpaka tsamba 8. Mayiyo ayambe ndi kalata yoyamikira, yaulemu, yoti mlembi aliyense angaisunge. Mlembi ayankhe, ndipo pomwepo ndiye pamene wadzikola. Kalata yachiwiri itchule kanthu kamene sikapezeka m'buku lake lililonse: kuti katani ya kuchipinda kwake yang'ambika cham'munsi, kapena kuti dzulo anamubera pamsika pogula matemba. Basi. Musafotokoze kuti mayiyo wadziwa bwanji.

Mayiyonso asakhale wamisala wolalata pamsewu. Pali matenda a maganizo otchedwa erotomania, amene dokotala wa ku France, de Clérambault, anawafotokoza mu 1921. Wodwalayo amakhulupirira kuti munthu wotchuka ndiye anayamba kumukonda, ndipo akumutumizira mauthenga obisika. Akakanidwa amati mnzakeyo akungobisa pamaso pa anthu. Gwiritsani ntchito zimenezi. Mayi wanu apeze dzina lake m'zilembo zoyambirira za mitu ya buku, ndipo mlembi akamulembera kuti "chonde lekani", iye amve kuti "dikirani kaye". Azilankhula mofatsa, azibwera ndi chakudya chofunda m'kontena. Kumbukirani kuti Mark David Chapman anayamba wapempha woimba wotchuka John Lennon kuti amusayinire chimbale, n'kudzamuwombera patapita maola ochepa, ku New York pa 8 Disembala 1980.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa foni. Wowerenga wa lero adzafunsa kuti bwanji mlembiyo sakuimbira apolisi, ndipo zoti batire yatha n'zaulesi. M'patseni chifukwa chochokera mwa iye mwini: makalata oyamba aja ankawayankha mokoma mopitirira, mkazi wake osadziwa, ndipo mayi uja anasunga mayankho onse 14 m'chikwama chimene sasiyana nacho.