Mwana wanga sanaone kanthu pa maikulosikopu

FUNSO: Alangizi, ndimaweta ng'ombe ziwiri za mkaka kuno ku Mitundu. Udzu wanga wa nsenjere ndikaudula ukumaphuka wachikasu, timasamba tating'ono, mphukira zothinana ngati tsache, ndipo wapinimbira. Mwana wanga wa ku koleji anaika tsamba pa maikulosikopu, akuti mulibe kachilombo. Kodi ndi feteleza wachepa?

YANKHO: Mayi, ndalama ya feteleza iyambe yakhala kaye pa mpango. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda opinimbiritsa nsenjere amene avutitsa alimi a mkaka ku Kenya ndi ku Uganda. Amabwera ndi tizilombo totchedwa phytoplasma.

Mwana wanu sananame, koma sakanationa. Ngakhale akatswiri anakhala zaka zambiri akuti matenda amtunduwu ndi a mavairasi, mpaka mu 1967 pamene katswiri wina dzina lake Doi ndi anzake ku Japan anationa pa maikulosikopu yamphamvu kwambiri ya electron. Poti tinkafanana ndi tizilombo tina topezeka mwa nyama totchedwa mycoplasma, anayamba atitchula dzina lobwereka limenelo. Kamodzi sikakwana n'komwe gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita, kalibe chikhungwa cholimba, ndipo kamabisala m'mitsempha imene imatsitsa chakudya kuchokera m'masamba.

Ndiye tsamba longothyola n'kuliika pa galasi silingaulule kanthu. Amayenera kudula kagawo kopyapyala kwambiri n'kukanyika mu utoto wa Dienes. Mitsempha yodwala imathimbirira ndi mtundu wa buluu, yabwino ayi. Ena amagwiritsa ntchito utoto wina wotchedwa DAPI, amene amamatirira ku DNA n'kumawala pa maikulosikopu ya kuwala kwa UV. Komatu chimene diso likuona pamenepo ndi utoto, monga mmene mapazi a fisi pa dothi amakuuzirani kuti anadutsa. Kuti muone kachilombo kenikeniko ndi maikulosikopu ya electron basi, ndipo nayonso siikuuzani mtundu wake. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amadalira kuyeza kwa PCR, kumene kumafufuza DNA ya kachilomboko.

Ine ndikanakhala inu, ndikanazula phata limodzi ndi mizu yomwe, n'kupita nalo kwa alangizi a ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) kuti alitumize kumalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze. Podikira yankho, mapata odwalawo zulani muwotche, chifukwa tizilombo todumphadumpha toyamwa masamba timafalitsa matendawa. Ndipo aneba akabwera kudzapempha mbewu ya nsenjere m'munda umenewu, muwakanize, ngakhale akwiye.