Musamate simenti pa njerwa zakalezo

Achimwene, mwafunsa ngati mungamate simenti m'mipata ya njerwa za nyumba yakale ya ku England. Simenti ayi. M'mipata ya njerwazo mumatemo matope a laimu. Nyumba zambiri za ku England za m'ma 1800 anamangira laimu, amene amalola chinyontho kutuluka m'khoma. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakalezo ndipo imatsekera madzi mkati. Kukazizira madziwo amaundana, njerwa n'kuyamba kugumuka. Ndinaziona pakhoma la aneba: mizere ya simenti ili nji, koma njerwa zitakumbika ngati zadyedwa ndi chiswe.

Poti mwati nyumbayo ndi ya Grade II, kutanthauza kuti ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, musanakhudze khomalo kaonaneni kaye ndi conservation officer, mkulu woona za nyumba zotetezedwa kukhonsolo. Kusintha maonekedwe a nyumba yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la 1990. Mmisirinso mupeze wozolowera laimu, chifukwa ambiri amangodziwa simenti basi.