Mafunso a Awerengi: Mwana wanga wabwera ndi funso kuchokera ku Maropeng

Funso

Akonzi, ndine bambo wa ana atatu, kwathu ndi ku Dedza koma ndakhala muno mu Johannesburg zaka zoposa khumi, ndipo ndine mkulu wa mpingo patchalitchi chimene Amalawi timasonkhana. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali Grade 12 ndipo amaphunzira Life Sciences. Mwezi watha sukulu yawo inapita ku Maropeng kukaona mafupa a anthu akale. Madzulo ake tili pa nsima, asanateme n'komwe mbamu yoyamba, anatulutsa kapepala kokhala ndi chithunzi cha chigaza n'kundifunsa kuti, "Adadi, kodi Mrs Ples ameneyu anakhalako Adamu asanalengedwe, kapena atalengedwa kale?" Ine ndinamukalipira kuti adye, asiye zachikunja. Kuyambira tsiku limenelo, pa mapemphero a madzulo amangokhala duu. Ine ndinakula ndikudziwa kuti dziko lili ndi zaka 6,000, pomwe buku lake likunena mabiliyoni. Komanso zoti tinachokera kwa anyani zimandipweteka mtima, chifukwa ife anthu akuda dzina limenelo tatukwanidwa nalo kokwanira. Kodi ndimuuze chiyani, kapena ndimuletse phunziroli?

Bambo wodandaula, Turffontein

Yankho

Bambo, phunziroli musamuletse, ndipo dziwani kuti mwana amene wabweretsa funso lotere patebulo pa bambo wake sanataye chikhulupiriro, chifukwa akadakhala kuti wataya sakadavutika n'kufunsa za Adamu. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kukhala chete kwake, popeza mwana akaona kuti kunyumba funso limayankhidwa ndi ukali, amakafunsa kwina, ndipo kumeneko amakauzidwa kuti ayenera kusankha chimodzi, Baibulo kapena sukulu.

Tiyambe ndi zaka 6,000 zija. Mutawerenga Baibulo kuchokera ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso, nambala imeneyi simungaipeze pa vesi lina lililonse. Inatchuka chifukwa cha James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Armagh m'dziko la Ireland, amene mu 1650 anaphatikiza zaka za m'mindandanda ya mibadwo ndi mbiri za mafumu, n'kupeza kuti chilengedwe chinayamba m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Kwa nthawi yaitali chaka chimenechi chinkasindikizidwa m'mphepete mwa masamba a Mabaibulo a Chingerezi, mpaka anthu anayamba kuchitenga ngati mbali ya Malemba. Ussher anali munthu wophunzira ndiponso wakhama, koma mindandanda ya mibadwo sinalembedwe kuti ikhale kalendala. Tsegulani Mateyu 1:8, pamene pakunena kuti Yoramu anabala Uziya, kenaka muyerekeze ndi mabuku a Mafumu ndi Mbiri: mupeza kuti pakati pa awiriwa padumphidwa mafumu atatu, Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya. Mateyu sananame. Analemba monga momwe ifenso timanenera kuti uje ndi mwana wa mfumu yakutiyakuti, pamene tikudziwa bwino kuti ndi mdzukulutuvi.

Tsono mabiliyoniwo akuchokera kuti? Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti asayansi amangolota nambala. M'miyala ina muli timibulu tolimba kwambiri totchedwa zircon. Kambulu kotere pamene kakupangika kamalola chitsulo chotchedwa yuraniyamu kulowa m'kati mwake koma kamakana mtovu. Yuraniyamuyo pang'ono ndi pang'ono amasanduka mtovu, ndipo liwiro la kusandukako linayezedwa: mtundu wa yuraniyamu wotchedwa 238 umatenga zaka pafupifupi 4.47 biliyoni kuti theka lake lisanduke. Choncho mtovu umene wapezeka m'kambuluko unabadwira momwemo, ndipo poyeza kuchuluka kwake poyerekeza ndi yuraniyamu wotsala, zaka za kambuluko zimadziwika. Zili ngati nkhokwe imene munathiramo chimanga chokhachokha n'kuimata, ndipo poitsegula mukupeza ufa wa anankafumbwe pansi. Kuchuluka kwa ufawo kukuuzani kuti papita nthawi yaitali bwanji. Kusiyana kwake n'kwakuti anankafumbwe amadya mofulumira kukatentha, pomwe yuraniyamu sasintha liwiro lake kaya kutenthe kaya kuzizire. Komanso m'kambulu komweko muli mtundu wachiwiri wa yuraniyamu umene umasanduka pa liwiro lina, kotero kuti mawotchi awiri amatsimikizirana.

Mu 1956 Clair Patterson wa ku America, atayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba, analengeza kuti dziko lapansi lili ndi zaka 4.55 biliyoni, ndipo ngakhale zipangizo zapita patsogolo kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, nambala imene asayansi amagwiritsa ntchito lero ndi 4.54 biliyoni. Umboni wina mukuupondaponda tsiku ndi tsiku. Zitunda zachikasu zimene mumaziona mukamayenda mumsewu wa M2 ndi dothi lochokera m'matanthwe a Witwatersrand, omwe ali ndi zaka pafupifupi 3 biliyoni, ndipo ndi matanthwe omwewo amene agogo athu ankawaswa atabwera ku Joni kudzera ku Wenela. Akatswiri amene amauza makampani a migodi kumene golide wathawira amagwiritsa ntchito sayansi yomweyi ya miyala. Kunena zoona, Bambo, zaka za dziko lapansi si bwalo limene ndingakulangizeni kumenyerapo nkhondo, chifukwa mudzagonja pamaso pa mwana wanu pa chinthu chimene Baibulo silinakutumeni kuti muchiteteze.

Musaganize kuti kumva masiku a mu Genesis mwa njira ina ndi nzeru yatsopano yothawira asayansi. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anamwalira mu 430, zaka zoposa 1,400 Charles Darwin asanatulutse maganizo ake a kusintha kwa zamoyo mu 1859, koma anali ataona kale kuti dzuwa likulengedwa pa tsiku lachinayi, ndipo anadabwa kuti madzulo ndi m'mawa wa masiku atatu oyambawo zinali zotani popanda dzuwa. Iye anachenjezanso kuti n'zochititsa manyazi Mkhristu akamalankhula zolakwika zokhudza dziko ndi nyenyezi pamaso pa munthu wosakhulupirira amene akuzidziwa bwino, n'kumati ndi zimene Malemba akunena, popeza munthuyo adzakana ndi zina zonse za m'Malembamo. Ena amathamangira ku 2 Petro 3:8, kuti tsiku limodzi kwa Ambuye lili ngati zaka chikwi, koma vesi limeneli si lochitira masamu. Likungotikumbutsa kuti Mulungu sakhala pansi pa wotchi yathu. N'zoyeneranso kuti mwana wanu adziwe kuti munthu amene anayambitsa ganizo lakuti chilengedwe chonse chinali ndi chiyambi ndipo chikufutukuka, lomwe lero limatchedwa Big Bang, anali wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, amene analemba za kufutukukako mu 1927.

Tibwere ku nkhani ya anyani, imene ndikumva kuti ndi imene yakulasani kwenikweni. Ululu wanu ndi womveka, ndipo si inu nokha: pamene mafupa a Homo naledi, mtundu wina wa anthu akalekale, analengezedwa mu 2015, atapezeka m'phanga la Rising Star kufupi ndi Maropeng komweko, anthu ena otchuka a m'dziko lino anakwiya pa chifukwa chomwechi. N'zoonanso kuti kale azungu ena ankagwiritsa ntchito dzina la sayansi poika anthu akuda pansi. Koma sayansi imene mwana wanu akuphunzira sikunena kuti munthu anabadwa kwa nyani amene amaba chimanga kumunda. Ikunena kuti anthu ndi anyani a mtundu wa chimpanzi anali ndi kholo limodzi lakale kwambiri, zaka pakati pa 6 ndi 7 miliyoni zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo mbumba iliyonse inatenga njira yake. Ikunenanso kuti anthu onse amene ali ndi moyo lero, Mzungu, Mmwenye, Mtchaina ndi Mchewa, ndi mtundu umodzi umene unayambira mu Africa zaka pafupifupi 300,000 zapitazo. Munthu wotukwana mnzake kuti nyani alibe pothawira m'sayansi imeneyi, chifukwa makolo ake nawonso anachokera kuno. Ndipotu Raymond Dart wa pa yunivesite ya Witwatersrand atafotokoza mu 1925 kuti chigaza cha mwana chopezeka ku Taung, muno mu South Africa, chinali cha mbumba ya makolo akale a anthu, akatswiri ambiri a ku Ulaya anamukana kwa zaka zambiri, mwa zina chifukwa ankayembekezera kuti chiyambi cha munthu chipezeka ku Asia kapena ku Ulaya.

Mrs Ples amene mwana wanu anakusonyezani ndi chigaza chimene Robert Broom anachipeza ku Sterkfontein mu 1947, ndipo chili ndi zaka zoposa 2 miliyoni. Mwini wake ankayenda ndi miyendo iwiri, koma ubongo wake unali waung'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ubongo wathu. Nkhani imeneyi si ya South Africa yokha. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za Homo, gulu limene ife anthu a lero tilimo. Mukadzapita kumudzi pa tchuthi, mudzamuuze mwanayo kuti kwawonso kuli mbali ya mbiri imeneyi.

Sindikunamizani kuti zonse zimalumikizana bwinobwino popanda mfundo yovuta. Funso la mwana wanu lakhudza povuta penipeni, chifukwa Paulo pa Aroma 5 akunena za munthu mmodzi amene uchimo ndi imfa zinalowera m'dziko, pomwe mafupa akusonyeza kuti zamoyo zinkafa kalekale anthu asanakhaleko. Okhulupirira amasiyana pamenepa. Ena amati Adamu anali munthu weniweni, woyamba amene Mulungu anamuuzira mzimu ndi kupangana naye, ndipo imfa imene Paulo akunena ndi kulekana ndi Mulungu. Kwa iwowa Mrs Ples anakhalako kale Adamu asanakhaleko, ndipo sanali munthu m'chifaniziro cha Mulungu. Ena amaona kuti m'Chihebri liwu lakuti adam limatanthauza munthu, ndipo limafanana ndi adamah, dothi, choncho nkhaniyo ikunena za ife tonse. Mpingo wa Katolika, kuyambira pa Papa Pius XII mu 1950 ndiponso Papa John Paul II mu 1996, umalola kuti thupi la munthu likhoza kukhala kuti linadzera m'kusintha kwa zamoyo, koma umaumirira kuti mzimu umalengedwa ndi Mulungu mwini. Mipingo ina, monga ya Seventh-day Adventist, imagwiritsitsa masiku asanu ndi limodzi enieni. Tsamba lino silingagamule mlandu wa mpingo wanu, ndipo zimenezo mukambirane ndi abusa anu. Ine pandekha ndimaona kuti Genesis akuyankha funso lakuti ndani analenga ndiponso chifukwa chiyani, pomwe fosholo ndi makina oyezera zimayankha kuti liti ndiponso motani. Asayansi ena akamalengeza kuti mafupa atsimikiza kuti kulibe Mulungu, amakhala atadumpha malire a munda wawo, chifukwa palibe chigaza chimene chingayankhe funso limenelo.

Inu a ku Dedza mukudziwa za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kumene makolo athu ankati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira pamodzi ndi mvula, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, n'kusiya mapazi awo pathanthwe. Sindikulinganiza nthano imeneyi ndi Malemba. Ndikungokumbutsa kuti ife tinakula tikudziwa kumvetsera nkhani ya chiyambi n'kutolamo chimene ikuphunzitsa za Chauta ndi za munthu, osayamba tafunsa kuti linali tsiku lachingati la mwezi.

Pa mayeso, mwanayo alembe zimene silabasi ikufuna, popeza wolemba mayeso akufunsidwa kufotokoza umboni ndi maganizo a asayansi, osati kulumbira chikhulupiriro. Inuyo mupeze madzulo ena, mumuuze kuti munayankha mwaukali chifukwa funsolo linakudzidzimutsani, ndipo mumupemphe atulutsenso kapepala kaja. Ngati mungathe, Loweruka lina mupite naye ku Maropeng, womwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda, kuti iye akakhale wokufotokozerani, inu mutanyamula Baibulo lanu.

Funso

Ndinamva mlaliki wina akunena kuti njira ya carbon yoyezera zaka ndi yabodza, chifukwa inayezapo nkhono yamoyo n'kupeza kuti inafa zaka masauzande zapitazo. Kodi zimenezi sizikugwetsa mabiliyoni onse aja?

Mayi wa ku Rosettenville

Yankho

Mayi, nkhani ya nkhonoyo ili ndi choonadi chake, ndipo amene anaitulukira n'kuifotokoza ndi asayansi omwewo. Nkhono zokhala m'madzi odutsa m'miyala ya laimu zimamanga zigoba zake ndi carbon wakale wosungunuka m'miyalayo, choncho zikayezedwa zimaoneka zakale kuposa mmene zilili, ndipo oyeza amadziwa kuti zinthu zotere zimafuna kusamala. Koma chachikulu n'chakuti zaka za dziko lapansi siziyezedwa ndi carbon n'komwe. Theka la carbon 14, mtundu wa carbon umene amayeza, limatha m'zaka 5,730 zokha, motero njirayi imagwira ntchito pa zinthu zimene zinali zamoyo, monga makala, mafupa ndi mitengo, zosapitirira zaka pafupifupi 50,000. Mrs Ples ndi wakale kwambiri kuti ayezedwe ndi carbon, ndipo matanthwe a Witwatersrand amayezedwa ndi yuraniyamu ndi mtovu, monga ndafotokozera bambo a ku Turffontein pamwambapa.