Funsani Tikuyankheni: Ana a Chimbalangondo Choyera Amakula Bwanji M'chisanu?

Funso: Akonzi, ndinamva kuti chimbalangondo choyera cha ku Arctic, dera lozizira kwambiri la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, chimabereka m'nyengo imene dzuwa silituluka n'komwe, ndipo chimatha miyezi yambiri chisakudya kanthu. Kodi anawo amapulumuka bwanji, nanga amayamwa chiyani kwa mayi wanjala?

Yankho: Zimene munamvazo n'zoona, ndipo moyo wa anawo umadalira mafuta amene mayi amasunga m'thupi asanabereke. Zimbalangondozi zimakwerana m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, koma mwana sayamba kukula m'mimba mpaka chilimwe chitatha, ndipo panthawiyi yaikazi imadya nyama za m'nyanja zotchedwa seal zimene imagwira pa madzi oundana, kufikira itawonjezera makilogalamu 200 kapena kuposerapo. Ikalephera kunenepa mokwanira, bere limangotha lokha.

Chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, mayi amakumba phanga m'chipale chofewa chimene mphepo yaunjika, monga zimachitikira pa chilumba cha Wrangel ku Russia ndi ku Svalbard ku Norway, pomwe za ku Wapusk National Park ku Canada zimakumba m'dothi lenilenilo. Ana amabadwa pakati pa Novembala ndi Januwale, kawirikawiri amapasa, ndipo n'zodabwitsa kuti nyama yaikulu chonchi imabereka kamwana kosafika kilogalamu imodzi, kotseka maso, ka ubweya wochepa kwambiri moti kunja sikangakhale moyo. Mayi amawafunditsa ndi thupi lake n'kumawayamwitsa mkaka umene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta okhaokha, iye osadya, osamwa. Kumadzulo kwa nyanja ya Hudson Bay ku Canada, kumene madzi oundana amasungunuka msanga, kusala kumeneku kumatha kufika miyezi 8.

Mu Malichi kapena Epulo banjali limatuluka, mwana aliyense akulemera makilogalamu 10 mpaka 12. Silithamangira kunyanja, koma limayamba lakhala masiku angapo pafupi ndi phanga kuti anawo azolowere kuzizira ndi kulimbitsa miyendo.

Ulendo wa kunyanjawo ndiwo woopsa kwambiri, chifukwa mayi amakhala atawonda, ndipo zimbalangondo zazimuna, zimene sizithandiza n'komwe kulera, nthawi zina zimapha ana. Anawo amaphunzira kusaka poonerera mmene mayi amadikira phee pabowo limene seal imapumira, ndipo amakhala naye zaka ziwiri ndi theka, n'chifukwa chake yaikazi imabereka kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

Chimene chikutidetsa nkhawa ife n'chakuti pangano limene Canada, Denmark, Norway, Soviet Union ndi United States anasainirana ku Oslo mu 1973 linachepetsa kupha nyamazi mwachisawawa, koma silingaletse madzi oundana kusungunuka msanga, ndipo nyengo yosaka ikafupika mayi amalowa m'phanga mafuta ali ochepa, mkakanso umachepa.