Kodi makoko a zipolopolo ogwera pansi ndi a yani?

Owerenga wina wa ku Johannesburg wandilembera imelo kufunsa ngati n'kololedwa kutola makoko a zipolopolo amene ena asiya pansi pa bwalo lophunzirira kuwombera. Bambo, funso lanu landifika pamtima, chifukwa nkhani imeneyi inandisowetsapo mtendere.

Ine zipolopolo za mfuti yanga ya 9mm ndimadzaza ndekha (ndiko kuti ndimaikanso onga ndi mutu watsopano m'makoko amene ndawomberapo kale), monga momwe lamulo la mfuti la South Africa la chaka cha 2000 limalolera munthu wokhala ndi laisensi, ndipo khoko lililonse ndimalipaka inki yofiira kumunsi kwake kuti ndizilizindikira. Tsiku lina ndili mkati mowombera, bambo wina anafika kumbuyo kwanga ndi tsache ndi ndowa n'kuyamba kusesa makoko anga akadali otentha, ndipo pofuna kutenga amene anagubudukira kutsogolo, anatambasula dzanja kudutsa mzere umene munthu sadutsa mfuti zikulira. Woyang'anira bwalo anaimitsa aliyense nthawi yomweyo. Nditamufunsa bamboyo, anandiyankha kuti chogwera pansi chilibe mwini.

Maganizo amenewo ndimawakana kotheratu. Khoko limapangidwa ndi magawo 70 a mkuwa ndi magawo 30 a zinki pa 100 alionse, ndipo onga ukaphulika limafufuma kenaka n'kubwererako pang'ono, n'chifukwa chake limadzazidwa kambirimbiri lisanang'aluke pakamwa. Amene analigula ndiye mwini wake, ndipo akalisiya, mabwalo ambiri amalitenga ngati lawo, popeza amagulitsa makokowo pa sikelo kwa ogula zitsulo zakale kuti apeze ndalama zosamalira malowo. Munthu wosesa asanapemphe amakhala atabera mmodzi mwa awiriwa.

Tsono inu pemphani kaye kwa woyang'anira bwalo ndi kwa amene akuwombera pafupi nanu, ndipo muzitola pokhapokha kuwombera kukaimitsidwa. Mutenge maginito kuti muchotse makoko achitsulo. Musuzumire mkati mwa khoko: la bowo limodzi pakati, lotchedwa Boxer, limadzazika mosavuta, koma la timabowo tiwiri, la Berdan, ndi lovuta, ndipo ang'onoang'ono a mfuti za .22 sadzazidwanso, amangoyenera kupita ku sikelo. Musambe m'manja musanadye chifukwa pansipo pamakhala fumbi la mtovu, ndipo mukapeza chipolopolo chosaphulika, muchipereke kwa woyang'anira, musachiike m'ndowa yanu.