Phwando la amayi silinatuluke munyuzi, nditani?

Mchemwali wina wanditumizira imelo kuti mayi ake apuma pa ntchito yaunamwino atagwira zaka zoposa 30, anthu a ku Ndirande anawakonzera phwando lalikulu koma palibe nyuzipepala inalembako olo kamzere kamodzi. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, apa mwandiponda pachilonda. Malume anga anaphunzitsa kupulayimale moyo wawo wonse, tsiku la maliro awo anthu anadzaza mpaka ma minibasi kumakanika kudutsa, ena mwa olirawo ndi madokotala ndi maloya omwe anadutsa m'manja mwawo. Ndinaimbira mtolankhani wina. Funso lake loyamba: "Kubwera wamkulu ndani?" Za malemuwo sanafunse nkomwe. Nditati kulibe nduna kapena phungu anangoti ndikuimbirani, mpaka lero. Loweruka lomwelo tsamba lathunthu zithunzi za ukwati ku Comesa Hall, mabwana akuwaza ma K5,000 pa pelekanipelekani, pansi pa chithunzi chilichonse dzina ndi udindo, mkwatibwi mwini wake akuoneka ka kumapeto uko.

Khalidweli ndi lakale. Nthawi ya Kamuzu tsamba loyamba linali la Ngwazi ndi mbumba yake, kaya akuyendera mbewu kaya akutsika ndege ku Chileka. Matipate atabwera tinaona manyuzi ambirimbiri, The Nation ya Aleke Banda inayamba 1993, koma kamera inazolowera kale kusaka yemwe wakhala pa mpando wa kutsogolo. Ndipo ine ndafika poti sindiwaimbanso mlandu atolankhani okha ayi. Pepala losindikizira limachokera kunja, limafuna forex, ogula nyuzi ambiri ndi maofesi, olipira ma advert ndi makampani, ndiye mukuganiza kuti tsambalo aikapo nkhope ya ndani? Kwinaku mtolankhani naye transport alibe, okonza zochitika ena amapereka chipondamthengo, iye apita kuti pakati pa hotela ndi tenti ya ku Ndirande? Komabe zimandinyansa. Ifenso owerenga tili ndi gawo, timathamangira kuona kuti mkazi wa uje anavala chani, pa Facebook ndiye zanyanya, nkhani ya namwino ma like 12, diresi la pa bridal shower ma comment mpaka usiku.

Ndiye mutani?

Musadikire kuti abwera okha. Lembani nkhaniyo mwachidule, muyambe ndi chomwe chili chachilendo, monga ana omwe mayi anawabadwitsa ndipo pano ndi akuluakulu, muike chithunzi chooneka bwino ndi mayina a onse ali pamenepo. Mukasiye nokha ku Ginnery Corner, Times ndi Nation onse ali konko, ndipo mufunse a masamba a Chichewa, Tamvani kapena Tikambe, amakonda nkhani za anthu wamba. Zikakanika lipirani ka malo kothokoza ngati advert, mtengo amatengera kukula kwa malowo.