Ntchito ya saundi ku Harare: kodi ndilipire umembala wa AES kapena ndidikire?

Kalata iyi yachokera kwa mnyamata wa ku Mabvuku, ndipo taifupikitsa pang'ono: "Ndinamaliza Form 6 chaka chatha. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugwira mikisa kutchalitchi kwathu, ndipo nthawi zina ndimapita nawo kumaukwati kukanyamula masipika. Ndikufuna saundi ikhale ntchito yanga yeniyeni, ngakhale makolo akuti zimenezi n'zachibwana. Pa intaneti ndaona bungwe la Audio Engineering Society (AES). Ndasunga timadola pang'ono. Kodi ndikalipira umembala zingandithandize kupeza ntchito?"

Achimwene, madola amenewo asungeni kaye. Bungwelo ndi lenileni ndipo ndi laphindu, tifotokoza pansipa, koma umembala wake si laisensi. Palibe lamulo loti munthu akhale membala asanagwire mikisa, ndipo pakati pa eni zida amene amabwereketsa PA (zida zokuzira mawu pagulu) mu Harare muno, n'zokayikitsa kuti wina adzakufunsani khadi. Tsiku loyamba amangoyang'ana mmene mukukulungira chingwe cha maikolofoni. Wokulunga pachigongono ngati chingwe choyanikira zovala wadziulula kale, chifukwa kukulunga kotero kumapotokola mawaya a mkati mpaka amaduka. Wodziwa amasinthasintha, lupu imodzi pamwamba ina pansi, moti akachiponya chimatambasuka chokha osapotana. Kanthu kakang'ono ngati kameneka ndi kamene kamachititsa kuti akuyitaneninso Loweruka lotsatira.

Tiyambe ndi komwe kuli ntchito. Achinyamata ambiri akamva za saundi amalota situdiyo, koma kumeneko n'kumene ndalama ikuvuta kwambiri, popeza chipinda chilichonse chokhala ndi laputopu ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio masiku ano chikutchedwa situdiyo ndipo mitengo inagwa. Ntchito yodalirika ili pa saundi ya pompopompo: matchalitchi, maukwati, maliro, misonkhano ya m'mahotela ndi ku HICC (Harare International Conference Centre), mashoo a ku Glamis Arena ndi City Sports Centre, zisudzo za ku Reps Theatre ku Belgravia ndi 7 Arts ku Avondale. Kulinso nyumba zoulutsira mawu, monga ZBC ku Pockets Hill ndi ku Mbare, Star FM ndi ZiFM Stereo, ngakhale malo kumeneko satseguka kawirikawiri. Ndiye pali mbali ziwiri zimene anthu amazinyalanyaza pomwe zikukula: kujambula mawu a mavidiyo ndi mapodikasiti, komanso kuika zida zokhazikika m'matchalitchi ndi m'zipinda zochitira misonkhano. Misonkhano ya makampani ilibe chisangalalo cha shoo ya sungura, koma imalipira pa nthawi yake ndipo usiku mumagona kwanu.

Makwerero ake amadziwika. Mumayamba n'kunyamula, kenako kulumikiza zingwe pasiteji motsatira ndandanda ya machanelo, kenako mamonita (masipika a pasiteji amene oimba amadzimvera), ndipo pomaliza mikisa yaikulu ya kutsogolo. Palinso munthu amene anthu wamba samudziwa koma eni zida amamusamala ngati dzira, woyala masipika ndi kuwachuna kuti agwirizane ndi holo. Amenewa ndi ochepa kuno, ndipo ngati masamu ndi physics zinkakuyenderani kusukulu, lunjikani kumeneko.

Pa zaka ziwiri zanu za kutchalitchi, dziyeseni ndi zinthu izi, chifukwa ndi zimene zimagwetsa anthu pa ganyu yoyamba.

Kulira kwa "mmmm" kosalekeza m'masipika nthawi zambiri ndi magetsi athu a 50 Hz amene alowa m'njira ya mawu. Zimachitika kiyibodi kapena laputopu ikalumikizidwa pa soketi ina, mikisa pa soketi inanso, ndiye earth yapeza njira ziwiri. Tsitsani machanelo imodziimodzi mpaka mupeze imene ikulira, ikani DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mikisa) pakati pa chidacho ndi mikisa, dinani batani lake la ground lift. Chimene simuyenera kuchita ngakhale wina wamkulu atakuuzani ndi kuchotsa waya wa earth m'pulagi ya magetsi. Phokoso limasiyadi, koma tsiku limene ampu idzawonongeke mkati, magetsi adzadutsira pamilomo ya woimba amene wagwira gitala n'kuyandikira maikolofoni. Anthu anafapo ndi zimenezi.

Gain ndi fader ndi zinthu ziwiri zosiyana: gain imakhazikitsa mphamvu ya mawu olowa mu chanelo, pomwe fader imakweza kapena kutsitsa mawu otuluka m'chanelomo. Yambani ndi gain woimba akuimba mwamphamvu monga adzaimbire pa shoo, mpaka mita pa mikisa ya digito izisewera cha pa -18 dBFS (muyezo wa mphamvu ya mawu pa zida za digito), ndipo pokweza mawu isafike pofiira. Mukatero fader imakhala pafupi ndi 0 pomwe imamvera bwino chala. Ambiri amatsegula gain mpaka kumapeto, fader ili pansi penipeni, ndiye akangoigunda pang'ono mluzu wa feedback uja wabuka, mpingo wonse n'kutembenukira kumbuyo. Mluzuwo ukabwera musathamangire kutsitsa zonse. Onani kaye ngati maikolofoni yaloza monita kapena yapitirira kutsogolo kwa masipika, muuzeni woimba asafumbatire mutu wa maikolofoni, kenako dulani pa EQ, pochunira kamvekedwe ka mawu, malo okhawo amene akulira.

Masipika awiri a 8 ohms mukawalumikiza mogundizana pa chanelo imodzi ya ampu amakhala 4 ohms. Anayi amakhala 2 ohms, ndipo maampu ambiri otchipa sapirira pamenepo. Amatentha, n'kuzima mkwati akulowa kumene. Werengani zolembedwa kuseri kwa ampu musanawonjezere bokosi lina.

Mu tenti yaitali kapena m'tchalitchi chachikulu, masipika a kumbuyo amafunika delay. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza ma millisecond atatu osakwana bwino pa mita iliyonse. Sipika imene ili mamita 30 kuchokera kutsogolo muichedwetse ndi 87 ms kapena kuposerapo pang'ono. Mukapanda kutero okhala kumbuyo amamva mlaliki kawiri, n'kumadandaula kuti sakumva, inu n'kumakweza voliyumu, vuto n'kumakulirakulira.

Ndipo poti magetsi a ZESA amathima nthawi ina iliyonse, jenereta ndi gawo la ntchito yanu. Yezani ndi multimeter musanalumikize kanthu, muone ngati ikupereka pafupifupi 230 V mosagwedera. Musalole kuti mafiriji a ophika ndi maketulo akhale pa chingwe chimodzi ndi saundi. Poyatsa, maampu akhale omaliza. Pozimitsa, akhale oyamba. Ukadumpha dongosolo limeneli umamva "phu!" ndipo ma tweeter, timasipika ta mawu opyapyala, apita.

Makutu anu asamaleni kuyambira lero, chifukwa akawonongeka sachira. Muyezo wa bungwe la NIOSH la ku America umati phokoso la 85 dBA munthu angakhalemo maola 8, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati: 88 maola 4, 91 maola awiri, mpaka pa 100 zimangotsala mphindi 15. Shoo ya usiku wonse pafupi ndi masipika imadutsa pamenepo mosavuta. Mukamagona makutu akulira "tsiii", dziwani kuti tsiku limenelo mwadyako ku mpamba wanu.

Tsopano za AES. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1948 ku New York, ndipo limasonkhanitsa mainjiniya, ofufuza a m'mayunivesite, opanga zida ndi ophunzira. Limasindikiza Journal of the Audio Engineering Society, limachititsa misonkhano ikuluikulu ku America ndi ku Ulaya, ndipo limalemba miyezo imene makampani amatsatira. Mbali ya miyezoyi mwina mwaigwirapo kale ndi manja osadziwa. Tayang'anani kuseri kwa Behringer X32 kapena Midas M32, zimene zadzaza m'matchalitchi akuluakulu: pali mabowo awiri olembedwa AES50. Umenewo ndi muyezo wa bungweli, wonyamula machanelo 48 kupita ndi 48 kubwera pa chingwe chimodzi pakati pa mikisa ndi stage box, bokosi la pasiteji lolumikizirapo maikolofoni. Bowolo limaoneka ngati la netiweki ya kompyuta, choncho anthu amatenga chingwe chilichonse cha muofesi kapena kuyesa kudutsitsa pa switch, kenako amadabwa mawu akamathetheka kapena kuduka pakati pa nyimbo. AES50 sidutsa pa switch wamba, ndipo imafuna chingwe cha Cat5e chokhala ndi shield (chitsulo chokuta mawaya a mkati, chotchinga phokoso) yolumikizika bwino mbali zonse ziwiri. Palinso AES3 ya mu 1985 yotumizira mawu a digito pa chingwe cha XLR (pulagi ya mapini atatu, ngati ya maikolofoni), AES67 ya mu 2013 yoti zida za makampani osiyana zizimvana pa netiweki, ndi AES48 yofotokoza komwe shield ya chingwe iyenera kugwira pa bokosi la chida. AES48 ndi imene imakuuzani chifukwa chake zida zina zimangolira "mmmm" ngakhale mutasintha zingwe zonse. Ngakhale zoti pin 2 pa XLR ndiye hot (waya wa +), pin 3 cold (waya wa -), zinalembedwa mu muyezo wa AES14.

Apa ndiye pali phindu lenileni la umembala. Membala amatsegulirwa E-Library, nkhokwe ya zolemba za akatswiri kuyambira m'ma 1950, pamodzi ndi maphunziro a pa intaneti ndi mwayi wofunsa anthu amene anapanga zida zimene mukugwiritsa ntchito. Ophunzira ali ndi mipikisano ya kujambula ndi ya kupanga zida, komwe akatswiri amamvetsera ntchito yako n'kukuuza pomwe yalakwika. Kwa munthu amene akufuna kudzagwira ntchito ku Johannesburg, ku Cape Town kapena kutsidya kwa nyanja, dzinali pa CV limadziwika. Koma tinene chilungamo: zolemba zambiri za mu Journal zili ndi masamu olemera, misonkhano ikuluikulu imafuna visa ndi tikiti ya ndege, ndipo ndalama ya umembala imalipidwa chaka ndi chaka m'madola a ku America. Munthu amene sanayambe kusiyanitsa dBu (muyezo wa zida za analogi) ndi dBFS adzatsegula kawiri katatu, chaka n'kutha ndalama itapita. Umembala umabweza ndalama yake kwa amene wafika pokhala ndi mafunso amene anzake apantchito ndi YouTube zalephera kuyankha.

Njira yotchipa ilipo. AES ili ndi magulu a umembala, ndipo wa ophunzira ndi wotsika mtengo kuposa enawo, koma umafuna umboni woti mwalembetsa sukulu. Choncho ngati mukuganiza zopita ku Zimbabwe College of Music, ku Music Crossroads Academy, ku Midlands State University ku Gweru, kapena ku Academy of Sound Engineering ku Johannesburg, lowani AES nthawi imeneyo. Musanalipire fizi kulikonse, pitani mukaone ndi maso: kodi ophunzira amagwira mikisa maola angati pa sabata, kapena amangoiona aphunzitsi ataimirira patsogolo pake? Makolo anunso mtima umakhala pansi akaona satifiketi, ndipo nkhawa yawo musainyoze. Akufuna kuona kuti mudzadzidyetsa nokha. Alongo athu amene akuwerenga pano ayang'anenso SoundGirls, bungwe lothandiza amayi ndi atsikana pa ntchito imeneyi.

Musasokoneze AES ndi ZIMURA. Zimbabwe Music Rights Association imatolera ndalama za opeka ndi olemba nyimbo zikaseweredwa pa wailesi kapena pagulu, monga imachitira COSOMA ku Malawi. Amene anangojambula ndi kusakaniza mawu sakhala mwini nyimbo chifukwa cha zimenezo. Koma mukapanga biti kapena kupeka nawo nyimbo, lembani pa pepala magawo a aliyense tsiku lomwelo musanatuluke mu situdiyo, musayinirane, kenako mukalembetse. Nyimbo ikatchuka, aliyense amakumbukira zosiyana.

Nanga timadola tija? Gulani zotsekera m'makutu za oimba, zimene zimatsitsa phokoso osabisa mawu, multimeter, soldering iron ndi waya wake wowotcherera (solder), cable tester, tochi, tepi ndi cholembera cha maka, ndiponso mahedifoni otseka bwino amene mudzawazolowere. Zotsalazo zipite ku data: Audinate, kampani imene inapanga Dante, njira yotumizira mawu pa netiweki ya kompyuta, imaphunzitsa Dante Certification pa intaneti kwaulere, ndipo Level 1 mungaimalize m'masiku ochepa n'kulandira satifiketi imene makampani oika zida amaidziwa. Kenako sonkhanitsani zingwe zonse zakufa za kutchalitchi kwanu, zija zili m'katoni kuseri kwa guwa. Tsegulani XLR iliyonse, dulani pomwe paduka, wotchererani shield ku pin 1, hot ku pin 2, cold ku pin 3, yezani, n'kuzilemba manambala. Mukamapita kwa mwini PA kukapempha ganyu, tengani chikwama chimenecho ndi zingwe ziwiri zimene mwakonza nokha, ndipo mufike ola lathunthu lole isanayambe kutsitsa katundu.